Azakhali a pa Bolodi

"Chikomeni, wafufutiranji mbuzi ya mnzako? Ndakuona, dzina lako lili pomwepo!"

Dyness anadina batani lobwezera ndipo mbuzi inatulukiranso pa bolodi, miyendo inayi yonse ili yokwanira. Ana anaseka, kuseka kwawo kukufika moduladula, pakuti netiweki ya pa Boma Loweruka m'mawa imakhala ngati nayo yapita kumsika. Pa bolodi yoyera ya pa laputopu timivi tawo tinkangoti uku ndi uku ngati ntchentche pa benchi ya usipa. Kamuvi kalikonse kanali ndi dzina la mwini wake, moti wosokoneza analibe pobisala.

Mkati mwa sabata Dyness anali mphunzitsi wa choko ndi fumbi pa sukulu ina ya pulayimale pa Mzimba Boma. Loweruka ankakhala pa tebulo la pabalaza n'kuphunzitsa Chichewa ana a anthu a kuno obadwira ku Joni. Makolo awo ndiwo anamupezera laputopuyo, poopa kuti zikadzavuta kumeneko ana adzafika kwawo ngati alendo, osadziwa ngakhale kupempha madzi akumwa. Masabata oyamba iye ankangolankhula, ndipo kutsidyako kunkamveka wailesi ya kanema, mbale kugwa, mwana wina kuliza mkonono. Atapeza bolodi imene onse akanatha kulembapo nthawi imodzi, zinthu zinasintha. Ana ankakoka mawu n'kuwamata pa zithunzi, kulowetsa ziweto m'makola, kukangana ngati ali m'chipinda chimodzi.

Kamera yake sankayatsa. Inkadya bandulo ngati chiswe, ndipo ikangoyaka mawu ankayamba kuchita chibwibwi. Choncho anawo ankangomudziwa kuti Madamu, mawu opanda nkhope, ndi cholembera chobiriwira chimene ankachongera ntchito yawo. Ankadziwanso lamulo lake, lomwe ankalinena mwakuti ena anayamba kumuyeserera: mawu olakwika sagona pa bolodi yanga.

"Basi, ziweto zagona. Tiyeni tione achibale," anatero Dyness.

Sabata yapitayo anapatsa mwana aliyense ngodya yake pa bolodi, kuti amatepo nkhope za abale ake ndi kuikapo mayina achibale. Mzere wofiira unali wa anthu okwatirana, wakuda wochoka kwa kholo kupita kwa mwana. Anawaphunzitsa bwinobwino kuti mlongo wa bambo ndi azakhali, mlongo wa mayi ndi malume, ndipo mwana wa azakhali ndi msuweni.

Kwa Chikomeni kunali chisokonezo chokhachokha, agogo atakwatiwa ndi galu. Anakonza onse pamodzi akuseka. Kenako Dyness anatsetserekera kwa Melissa.

Melissa ndiye anali mwana wapamtima pake, ngakhale mphunzitsi savomera zotere. Anali ndi zaka zisanu ndi zitatu, mutu wakuthwa ndi mafunso osatha. Mayi ake anali a konko ku Joni, ndipo anamulembetsa atamva kwa mayi wina wa kutchalitchi, ati mwana azitha kucheza ndi agogo ake pa foni. Sankadziwa n'komwe kuti agogo a ku Mzimba amayankhula Chitumbuka. Kwa iwo Malawi yense anali ndi lilime limodzi. Mwanayo ankagwira mawu msanga, kupatula amodzi: nthawi zonse ankati "azakali", ndipo Dyness anali atatopa kumuuza kuti atulutse mpweya.

Choyamba kuona chinali chitenje. Chabuluu, cha maluwa achikasu, chimene banja lonse linasoketsa tsiku lovundukula chiliza cha apongozi ake aamuna ku Edingeni. Dyness anakulitsa chithunzicho. Pamwamba panali apongozi ake aakazi, a NyaShaba, atamatidwa "agogo". M'munsi mwawo munali Wallace, mwamuna wake, ali ndi chipewa chimene anamugulira iye mwini pamsika wa pa Boma, atamatidwa "adada". Mzere wofiira unachoka kwa Wallace kupita kwa mayi wina wa masaya odzadza amene Dyness sanamuonepo chibadwire.

Ndipo chakumbali, ngati munthu wobwera mochedwa pa maliro, panali nkhope yake. Inadulidwa bwino kuchoka pa chithunzi cha pachiliza chija, phewa la Wallace likuonekerabe pang'ono m'mphepete. Pansi pake panali kapepala kachikasu: azakhali. Kuchoka kwa iye mzere wakuda unatsikira kwa Linily, mwana wake mmodzi yekhayo. Msuweni.

"Madamu? Madamu, ndakhoza?" anafunsa Melissa.

Kamuvi kake kankavinavina pamwamba pa nkhope ya Linily. 

"Wawadziwa bwanji amenewa?" anafunsa Dyness.

"Adada anandiuza. Awa ndi sisi wawo, azakali. Amuna awo anathawa, ndiye adada amawathandiza. Adada ndi abwino, eti Madamu?"

"Netiweki yavuta, ana inu. Tidzachonga sabata yamawa."

Anatseka laputopu. Netiweki inalibe mlandu tsiku limenelo, mizere yake inali yodzadza.

Wallace anapita ku Joni Linily akuyamba kumene sukulu, ndipo tsopano mwanayo anali Fomu 1. Kwa Mzimba zimenezo si nkhani. Nyumba iliyonse ya malata owala ili ndi mpando wopanda munthu, ndipo akazi amaphunzira kukwatiwa ndi foni. Dyness sanali mwana. Ankadziwa kuti mwamuna sangakhale zaka zonsezo akudziphikira yekha, ndipo nkhani imeneyo anaikwirira kalekale pansi pa mtima. Akanamva kuti kuli mkazi, akanalira n'kupukuta misozi. Akanamva kuti kuli mwana, akanatukwana sabata imodzi n'kuzolowera. Koma kusandutsidwa mlongo wa mwamuna wake, chimenecho chinamunyansa mpaka anatuluka kukalavula kuseri kwa nyumba.

Anaimba foni Linily asanabwere ku kwaya. Wallace anayankha ataimbiridwa kachitatu, kumbuyo kukulira makina odulira kapinga.

"Dyness, ndili pantchito. Kwagwanji?"

"Monire, awiske Linily."

Kuyambira tsiku limene anabereka, Dyness ankamuitana choncho, bambo wake wa Linily, monga amachitira akazi onse a kwawo. Lero analitchula pang'onopang'ono, ngati akuphunzitsa mwana wa Sitandade 1.

"Yewo, yewo. Nena msanga, bwana ali pafupi."

"Ndimati ndikupatseni moni ngati alongo anu. Mlamu wanga ali bwanji? Nanga Melissa?"

Makina aja anazima. 

"Wakuuza ndani?"

"Mwana wanu. Ndi wanzeru chomene, amakhoza kuposa onse. Ndinakuuzani kuti Loweruka ndimaphunzitsa ana a kumeneko, inu munangoti mbwenu zili bwino. Simumva ndikamayankhula."

"Iwe ndiwe Madamu uja?" Wallace anapuma ngati wakwera phiri. "Mwanayo akudziwa? Wamuuza?"

Limenelo ndilo linali funso lake loyamba. Sanafunse ngati mkazi wake wakhala pansi kapena wagwa.

"Sindinamuuze. Akudikira ndimuchongere."

"Ndiye chonga! Ndapota, Dyness, ingochonga. Tamvera. Mapepala anga okhalira kuno ali pa dzina la mayi ameneyu. Akangomva kuti ndili ndi mkazi kumudzi, mawa lomwe ndili pamsewu, mkuja ndili m'galimoto ya apolisi. Ndidzabwera ndi jumbo m'manja. Ndi zimene ukufuna? Anapeza chithunzi mu foni, ndikanati chiyani? Ndi mawu chabe."

"Ine ntchito yanga ndi mawu chabewo."

"Usandiyankhule za kusukulu. Palibe chasintha. Iwe ndiwe mkazi wanga wa ng'ombe, wolowoledwa."

"Nanga Linily ndi ndani wanu?"

"Iwe, bwana akubwera," anatero Wallace, n'kudula.

Lamulungu Dyness sanapite kutchalitchi. Anauza Linily kuti agogo sakupeza bwino, n'kukwera matola ya ku Edingeni, atapanikizika pakati pa matumba a feteleza ndi njinga ya munthu wina. Fumbi linamulowa mpaka m'mano. Njira yonse ankakonza mawu oti akawauzire apongozi mosawaphwanya mtima, pakuti anali munthu wa BP. Chifundo chimenecho anachitaya pachabe.

Anawapeza a NyaShaba pakhonde akusankha nyemba, pansi pa malata atsopano, solala ili pa denga. Anagwada, napereka moni, nafotokoza zonse maso ali pansi. Apongozi sanasiye kusankha. Nyemba yofumbwa ankaiponyera nkhuku, yabwino m'lichero.

"Ndiye kamwana kaja kakuphunzira kwa iwe? Ka Yewo?" anatero pomaliza.

"Melissa, amama."

"Melissa ndi la amake. Ine ndinakatcha Yewo. Mwana wa mwana wanga angakhale wopanda dzina la kwawo?"

Dyness anadzutsa mutu. Dzina la mwana amapereka ndi a kuchimuna, ndipo amapereka mwana akangobadwa. Zaka zonsezi iye ankabwera kuno kudzakolola, kudzazira nyumba, kudzagona nawo kuchipatala BP itakwera, mayiwa ali ndi dzina limenelo m'kamwa.

"Munkadziwa."

"Enya, ndinkadziwa. Ndikanakuuza ukanapindula chiyani? Ukanangoonda."

"Mukudziwanso kuti kumeneko ine ndine mwana wanu? Mlongo wake wa Wallace?"

"Amake akaimba amafunsa kudzera mwa Wallace, ankhazi a mwana, azakhali akewo, ali uli? Ine ndimati ali makora. Ndinene chiyani?" A NyaShaba anapeta lichero kawiri. "Mkamwana, tamvera. Ng'ombe zinapita kwanu, anthu anaona. Ukadzafa udzagona apo, pafupi ndi apongozi ako. Uyo wa ku Joni sadzaponda pano. Za pa kompyuta zikuchotsera chiyani? Mwana wanga akabwezedwa, tonse tidzadya dothi, iwe ndi ine ndi Linily yemwe."

"Linily amusandutsa msuweni, amama. Bambo ake eniake."

"Linily ngwa pakhomo pano, kaya alembe chiyani." Apa mayiwo anaika lichero pansi n'kumuyang'ana koyamba. "Ndipo uzikumbukire zimenezo. Ukafuna kuchita ukali n'kuchoka, msewu ndi uwo, koma uchoka wekha. Mwana satsata mayi kuno."

Ndi mmene zinalili. Ku Joni mwanayo sanali wa Wallace, ku Edingeni sanali wa Dyness. Aliyense ankamutenga kapena kumutaya malinga ndi pomwe pamukomera. Dyness anakana chakudya, chinthu chimene sanachitepo pakhomopo, ndipo anabwerera ndi matola yomweyo.

Sabata imeneyo anaphunzitsa ngati munthu wogwidwa ndi malungo. Kangapo konse anatsegula bolodi, nasankha cholembera chobiriwira, nachiimika pambali pa nkhope yake. Kuchonga n'kosavuta, kamzere kotsika ndi kamzere kokwera. Akazi anzake pa Boma anameza zazikulu kuposa apa ndipo akuyenda, anenepa, amaimba kwaya. Ndani akanadziwa? Ndiponso Melissa analakwa chiyani? Mwana analemba zimene anauzidwa, ndipo malinga ndi zimene anauzidwazo sanaphonye ngakhale pamodzi. Dyness ankamukwiyira mwanayo, kenako n'kudzichitira manyazi, kenako n'kutseka laputopu osachonga.

Lachinayi anachedwa ku msonkhano wa aphunzitsi. Atalowa m'nyumba anapeza Linily ali pa tebulo, akadali mu yunifolomu, laputopu ili yotsegula. Ankaloledwa kuwerengerapo za kusukulu, ndipo Dyness, mutu utabalalika, anali atasiya bolodi osatseka.

Linily anali mwana wa bambo ake mochititsa chisoni. Mphumi ndi yomweyo, kuseka ndi komweko. Disembala aliyense ankachapa makatani osatumidwa, ati mwina chaka chino abwera. Mabasi a ku Joni akafika pa depoti ankapeza chifukwa chodutsira kumeneko. Tsopano anangokhala duu, manja ali pa ntchafu, osalira.

"Amama, kamwana aka n'kokongola," anatero.

"Linily, tseka."

"Kali ndi mphumi ngati yanga." Analoza ndi chala osakhudza galasi. "Ndawerenga mizere. Inu ndinu azakhali. Ine msuweni. Ndiye kuti adada ndi amalume anga?"

Dyness anafuna kunena kuti ndi mwana wasokoneza, monga Chikomeni anakwatitsira agogo ake kwa galu. Bodzalo linafika pa lilime n'kukanirira pomwepo.

"Ndi zimene anawauza kumeneko," anatero.

"Inu muchonga?"

"Ndikapanda kuchonga, adada ako zinthu ziwaipira. Mwina adzabwezedwa. Mwina sadzatiyankhulanso."

Linily anagwedeza mutu ngati wamva. Anaimirira, navula nsapato za kusukulu, naziika pamalo pake.

"Mbwenu chongani," anatero ali pakhomo la kuchipinda. "Amalume nawonso ndi wachibale."

Tsiku limenelo Linily sanadye. M'mawa mwake Dyness anaona kuti chithunzi cha Wallace chimene chinkakhala pamwamba pa kabati chatembenuzidwira kukhoma, mwaulemu, osasweka.

Loweruka linafika ndi mphepo ya Juni, yolowa pansi pa chitseko. Dyness anaphunzitsa mitundu ya zinthu. Ana anapaka tomato kufiira, masamba kubiriwira, Chikomeni anapaka ng'ombe ya pinki. Nthawi itatha anawatsanzika onse.

"Melissa, iwe tsala. Tichonge ntchito yako."

Timivi tina tinazima kamodzikamodzi mpaka panatsala kamodzi. Dyness anachonga agogo. Anachonga adada. Anachonga amama. Kenako anaima.

Ankadziwa kuti chimene akufuna kuchita si cha mphunzitsi wabwino. Akulu akalakwirana sakatulira katundu pamutu pa mwana. Koma katunduyo anali kale pamutu pa mwana, wake, ndipo palibe anapepesa. Anakonza mpango kumutu n'kuyatsa kamera.

Nkhope ya Melissa inayandikira mpaka mphuno inadzadza galasi. Maso anapita pa bolodi, nabwerera, napitanso. Kenako mwanayo analumpha pa mpando.

"Azakhali! Madamu ndinu azakhali!"

Anatchula bwinobwino, mpweya wonse utatuluka, monga anaphunzitsidwira. Ankaomba m'manja. Palibe mwana anamusangalalirapo Dyness chotero.

"Watchula bwino, mwana wanga," anatero. "Koma pali mawu ali pamalo olakwika. Lamulo lathu likuti chiyani?"

"Mawu olakwika sagona pa bolodi!"

Dyness anagwira kapepala ka "msuweni" n'kukakokera kunja. Pa mulu wa mawu otsala anatenga "achemwali" n'kumata pansi pa Linily. Anasankha mzere wakuda, nauyamba pa chibwano cha Wallace, nautsitsa mpaka pa mphumi ya mwana wake. Mzerewo unatuluka wowongoka.

Melissa anasiya kuomba m'manja.

"Koma Madamu, munati mwana wa azakhali ndi msuweni."

"Ndinatero, ndipo ndi zoona."

"Ndiye akakhala achemwali..."

Kamuvi kanayenda pang'onopang'ono, kutsata mzere watsopano kukwera kwa Wallace, kutsika kwa Linily, kukweranso kwa Dyness. Kanafika pa kapepala ka "azakhali" n'kuima. Mwanayo anali wanzeru, ndipo tsiku limenelo nzeru zake sizinamuchitire chifundo. Anatembenuka n'kuitana mayi ake m'chilankhulo cha kwawoko, ndi mawu aang'ono a mwana amene waona njoka m'nyumba.

Mayi wa masaya uja anabwera akupukuta manja pa epuloni. Anawerama kumbuyo kwa mwana wake, akumwetulira mwaulemu poona mphunzitsi. Kumwetulirako kunazima pang'onopang'ono. Anaona nkhope ya pa kamera, naona ya pa bolodi. Netiweki, imene inkadula pa zinthu zopanda pake, apa inagwira nji. Akazi awiriwo anayang'anana, ndipo Dyness anadabwa kuona kuti mnzakeyo anali ndi maso otopa ngati ake, ndi chipsera cha mafuta otentha pa dzanja.

Mayiyo anafunsa m'Chingerezi, motsitsa mawu, kuti kodi iye ndi ndani kwa Wallace.

Dyness sanayankhe ndi pakamwa. Anasankha mzere wofiira, umene Melissa ankadziwa tanthauzo lake, naujambula kuchoka pa nkhope yake kukafika kwa mwamuna wake. Anamva mwana akumasulira mayi ake. Kenako dzanja la chipsera linatambasuka, ndipo kutsidyako kunada.

Anakhala pomwepo mpaka tiyi anazizira. Sanamve kupepukidwa kulikonse. Ankayembekezera kuti choonadi chikatuluka mtima umatsika, koma iye ankangomva ngati wamenya mwana wa eni.

Foni inalira dzuwa litapendeka, Linily akuchotsa zovala pa chingwe.

"Wandipha," anatero Wallace. Mawu ake anali ozizira, opanda kukalipa. "Katundu wanga ali panja. Wakondwa, NyaLungu?"

Sanamutchule Dyness, sanamutchule anyina Linily. Anamutchula dzina la kwawo, ngati mkazi wongokumana naye pachigayo.

"Awiske Linily, mwana wanu ali pano. Muyankhula naye?"

"Mayi uja wandilowetsa m'nyumba kuti ndichotse zonyansa zako pa kompyuta ya mwana, ndiye mwina timvana. Za Linily ukambe ndi amama. Akutuma anthu odzamutenga."

Foni inaduka. Linily anali ataima pakhomo, zovala zili pa phewa, ndipo zinali zoonekeratu kuti wamva. Anaziika pa mpando n'kukhala pambali pa mayi ake. Anatsegula laputopu yekha.

Mizere iwiri ija inali pomwepo, wofiira ndi wakuda. Linily anauyang'ana wakudawo nthawi yaitali, nawerenga kapepala ka pansi pa nkhope yake milomo ikuyenda. Kenako anasendera mpaka phewa lake linakhudza la mayi ake.

Posakhalitsa pa ngodya panatulukira kamuvi. Kanalembedwa kuti Melissa, koma sikanali kuyenda kwa Melissa. Ka mwanayo kankauluka. Aka kankakwawa, kuima, kuphonya, kubwerera, ngati ng'ombe yokoka ngolo pamatope. Linali dzanja la munthu wamkulu amene sanagwirepo bolodi. Kanafufuza mpaka kanapeza chofufutira.

Kanayamba ndi mzere wofiira, ndipo pofufuta kanadya ndi khutu la Wallace lomwe. Kanapita pa nkhope ya Dyness n'kuipala kuyambira pa mpango mpaka pa chitenje. Kanafufuta mzere wakuda, kuchokera kumwamba kutsika. Kenako kanafika pa Linily n'kuima.

Kanaima nthawi yaitali. Panja wa kabaza anadutsa akuliza belu, kwa aneba mwana ankalirira bafa. Linily anali atagwira mphepete mwa tebulo, osaphethira. Dyness anapemphera, iye amene sabata yonse analephera kupemphera, kuti munthuyo angosiya pomwepo, atseke, achoke, asiye nkhope yokhayo ngakhale yopanda mzere.

Kamuvi kanayenda. Kanayamba ndi mphumi.

Katamaliza panatsala banja laudongo, agogo, adada, amama ndi mwana, onse atachongedwa ndi cholembera chobiriwira. Kamuvi kanazima.

Dyness anapititsa chala pa batani lobwezera. Bolodi inali yake. Kudina kangapo kokha, zonse zikanabwerera, nkhope ndi mizere yomwe, monga inabwererera mbuzi ija. Akanatha kubweza lero, mawa, tsiku lililonse limene munthuyo angafufute.

Linily anagwira dzanja la mayi ake n'kulichotsa pa batanipo. Chikhatho chake chinali chozizira ndi zovala za pa chingwe.

"Musabweze, amama," anatero. "Afufuta okha."

Anatseka laputopu, natenga zovala pa mpando, nayamba kupinda. Anapatula zake n'kuziika pazokha, mulu waung'ono pafupi ndi chitseko, pakuti a ku Edingeni akati atuma anthu sachedwa.